Lipoti la nkhani: mtsikana woona bwino bolodi koma wolephera kukhalitsa pabuku

Wodwala ndi mtsikana wa zaka 11 wa m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, panjira ya ku Monkey Bay. Ali mu Sitandade 5 ndipo Sitandade 4 anabwereza. Mayi ake anabwera naye kuchipinda chathu choyezera maso mu Okutobala. Ine ntchito yanga ndi yoyeza maso ndi kulemba magalasi kuno ku Mangochi. Mayiwo anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, bola dzina la mwana, la mudzi ndi la sukulu lisatchulidwe. Ndailemba chifukwa vuto ngati lake, la maso kulephera kugwirizana poyang'ana pafupi, silioneka pa tchati chimene timayezera ana m'masukulu, komanso chifukwa mathero ake akuonetsa pamene thandizo la maso limalekezera ndi pamene ntchito ya mphunzitsi imayambira.

Chimene anabwerera

Akawerenga kwa mphindi ngati 10 mutu unkayamba kumupweteka pamphumi, pakati pa nsidze. Misozi inkalengeza. Zilembo zinkachita mbuu, kenako, monga ananenera mwiniwake, "zimasuntha n'kukhala ziwiriziwiri". Ankadumpha mizere kapena kubwereza mzere umene wawerenga kale, ndipo madzulo tulo tinkamupeza ali pakope. M'mawa podzuka mutu sunkapweteka. Loweruka, tsiku losewera fulaye ndi kutsuka mbale kunyanja, sankadandaula chilichonse. Achibale ndiye ankagwira pomwepa: mutu wanji wodwala nthawi ya sukulu yokha? Amalume ake anali atanena kale kuti ngati sukulu yamukanika angoisiya, azithandiza mayi ake kuyanika usipa. Kwa woyeza maso, mutu wobwera ndi buku n'kupita ndi buku ndi chizindikiro cholozera kumene vuto lili.

Woyamba kuzindikira anali mwalimu wa ku madrasa, kumene mwanayu amapita masana akaweruka. Zilembo za Chiarabu zili ndi timadontho ndi timizere ting'onoting'ono pamwamba ndi pansi, ndipo ukaphonya kamodzi mawu asintha. Kumeneko mwana amakhala ndi buku pafupi ndi nkhope kwa nthawi yaitali. Mwalimuyo anaona kuti mtsikanayu amatseka diso lamanzere ndi dzanja, nthawi zina ndi nsonga ya mpango, ndipo akatero amawerenga bwinoko.

Aphunzitsi a kusukulu sindingawanene. Kalasi yake ili ndi ana oposa 100, ambiri okhala pansi, buku limodzi ana angapo. Gawo lalikulu la phunziro ndi kuyankhira limodzi ndi kukopera zapabolodi, ndipo bolodi mwanayu ankaliona bwinobwino. M'kalasi yotere mwana wosaona patali ndiye amaonekera msanga, chifukwa amatsinzinira maso ndi kusendera kutsogolo. Wovutika pafupi amangooneka ngati wochedwa kumaliza ntchito. Teremu yapitayo ana a sukuluyi anayezedwa ndi tchati cha chilembo E, iye n'kupambana, ndipo uthenga umene unafika kunyumba unali wakuti maso ake alibe vuto.

Mbiri ya umoyo wake

Buku lake la kuchipatala linali ndi zonse zaubwana. Anabadwira kuchipatala miyezi itakwana, katemera ndi vitamini A analandira. Malungo anadwalapo kangapo ngati mwana aliyense wa kunyanja, koma sanakomokepo. Sanavulalepo m'mutu. Funso limeneli sindilisiya, chifukwa kulephera kwa maso kugwirizana pafupi kumabweranso munthu akamenyetsa mutu. Palibe amene anamuonapo diso litapatuka ali wamng'ono. M'banjamo magalasi ali ndi agogo okha, owerengera, ogula pamsika.

Mankhwala anali atalandira ambiri: panado wa mutu, mafuta a tetracycline, ndi kabotolo ka mankhwala odontheza ogula m'sitolo, kamene mayi ake anachita bwino kubwera nako. Munali dexamethasone, mankhwala a gulu la steroid. Ankamudonthezera maso akamayabwa, ndipo ankati amathandiza msanga. Amathandizadi msanga, n'chifukwa chake anthu sawasiya. Koma mankhwala a steroid akamadonthezedwa miyezi popanda woyang'anira amakweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kupha mtsempha woonera, amabweretsanso ng'ala, ndipo mwana samva kuti zikuchitika. Kabotoloko kanatsala kwa ife. Agogo anali atanenapo zofinyira masamba m'maso, mayi anakana.

Nditafunsa za mkodzo mwanayo anawerama. Anthu ena atatuluka m'chipindamo anavomera kuti pomaliza kukodza pamatuluka magazi, ndipo zinayamba kalekale.

Zimene tinapeza

Patali, pa mamita 6, diso lililonse linawerenga 6/6, kumene ndi kuona kokwanira, popanda magalasi. Pafupi anawerenga zilembo zing'onozing'ono bwinobwino kwa mphindi zoyambirira. Kuyeza kukanathera apa, akanabwerera ndi uthenga womwe uja.

Kunsi kwa zikope zam'mwamba kunali tizotupa tambiri ting'onoting'ono, ndipo choyera cha diso chinali chitaderako, monga zimakhalira ndi ana a ziwengo za m'maso amene akhala akutikita kwa zaka. Matendawa timawaona kwambiri miyezi yafumbi ndi yotentha. Cornea, mbali yoonekera ngati galasi ya kutsogolo kwa diso, inali yowala bwino, yopanda chilonda. Zizindikiro za trachoma, nthenda yopatsirana ya m'maso imene imachititsa khungu, panalibe. Bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi yaithetsa ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, koma chikope timachitembenuzabe. Mwana wa diso ankayankha kuwala mofanana mbali zonse, maso ankayenda kulikonse popanda chowagwira, mphamvu ya madzi a m'diso inali 14 ndi 15, ndiye kuti steroid uja anali asanawononge. Kuseri kwa diso mitsempha yoonera inali yosatupa. Mwana aliyense wodandaula mutu ndi kuona pawiri ayenera kuonedwa kuseri kwa diso. Mtsempha ukanakhala wotupa, nkhani ya masewera olimbitsa maso ikanathera pomwepo ndipo tikanamutumiza tsiku lomwelo ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Vuto linaonekera titayamba kuyeza pafupi. Munthu akamayang'ana chinthu chapafupi zinthu zitatu zimachitika nthawi imodzi: maso onse awiri amatembenukira mkati cha kumphuno, kagalasi ka m'kati mwa diso kamafufuma kuti chithunzi chimveke, ndipo mwana wa diso amachepa. Pa mamita 6 maso safunika kuchita zimenezi, n'chifukwa chake tchati cha patali sichinena kanthu za izo.

Nditatseka diso limodzi iye akuyang'ana patali, diso lotsekedwalo silinasunthe kwenikweni. Akuyang'ana pa masentimita 40, linkathawira kunja cha kukhutu, ndipo ndikatsegula linkabwerera mochedwa. Muyeso wa prism, galasi lopatutsa kuwala limene timayezera kukula kwa kuthawako, unaonetsa 2 patali ndi 12 pafupi. Kenako ndinasendeza kachilembo pang'onopang'ono kulunjika pamphuno pake. Mwana wa msinkhu wake ayenera kukaona kamodzi mpaka kafike pafupifupi masentimita 6 kapena kucheperapo. Iye anati kagawika pa masentimita 14, diso lamanzere n'kuthawa, ndipo sanakabwezeretse mpaka pa 19. Nditabwereza kangapo, malo ogawikira anasunthira pa 18, misozi n'kuyamba. Kubwereza kumeneku n'kofunika, chifukwa ana ena amapirira koyamba n'kugonja kachinayi. Mphamvu yokokera maso mkati polimbana ndi prism inathera pa 10. Zikanakhala bwino inayenera kupitirira 15, ndipo kwa iye, wokhala ndi kuthawa kwa 12, pamafunika pafupifupi kuwirikiza kawiri kuthawako.

Mafunso 15 a CISS, amene amayeza kuchuluka kwa madandaulo powerenga, ndinamufunsa pakamwa m'Chichewa. Anapeza 31. Kwa ana malire ake ndi 16. Popeza mafunsowa anakonzedwa m'Chingerezi ndipo ine ndinkamasulira ndekha, nambalayi ndinaitenga ngati poyambira poyerekezera mtsogolo, osati umboni paokha.

Titamudontheza cyclopentolate 1% kuti minofu ya kagalasi ipume, tinapeza kuti diso lililonse linkafunika galasi la plus la +1.75 kuti lione patali kagalasi katapuma. Ndiye kuti ngakhale poyang'ana patali kagalasi kake kankagwira kale ntchito. Tisanadontheze, zilembo zinkachita mbuu pa masentimita 12 kapena 13, omwe ndi ma dioptre 8 (dioptre ndi muyeso wa mphamvu ya galasi). Kuphatikiza ndi 1.75 uja, mphamvu yake yonse inali pafupifupi 9.75. Mwa kawerengedwe ka Hofstetter, 15 kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a zaka zake, mwana wa zaka 11 sayenera kutsika pa 12.25. Tsono taonani masamu a buku: ankaligwira pa masentimita 25, pamene pamafunika ma dioptre 4, kuphatikiza 1.75, zonse 5.75. Munthu amakhalitsa bwino akamagwiritsa ntchito pafupifupi theka la mphamvu yake. Theka lake linali losakwana 5. Tsiku lililonse ankawerenga ndi ngongole.

Ku labotale malungo sanapezeke, magazi anali 10.4 pamene a msinkhu wake sayenera kutsika pa 11.5, ndipo mumkodzo munali mazira a likodzo. Anzathu a ku OPD, kumene amaona odwala osagonekedwa, anamupatsa praziquantel molingana ndi kulemera kwake ndi mankhwala owonjezera magazi.

Kuganizira kwake, ndi nkhani ya magalasi

Tinalemba kuti ali ndi convergence insufficiency, kulephera kwa maso kutembenukira mkati mokwanira poyang'ana pafupi, pamodzi ndi kufooka kwa kagalasi poyang'ana pafupi, hyperopia yocheperako (+1.75 uja), ziwengo za m'maso, likodzo ndi kuchepa magazi.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa magalasi. Kufufuma kwa kagalasi ndi kutembenukira mkati kwa maso zimakokana: kagalasi kakagwira ntchito kwambiri, maso amalowanso mkati. Mukapatsa mwana wotere magalasi a plus, mwapeputsa ntchito ya kagalasi, koma mwachotsanso chimene chinkathandiza kukokera maso mkati, ndipo kuthawa kwa diso kukhoza kukula. N'chifukwa chake ambiri amaopa kulemba plus kwa mwana wothawa diso kunja. Koma pali ana ena amene gwero la vuto ndi kagalasi kofooka: poti sikakugwira mokwanira, sikakukoka maso mokwanira. Oterewa plus wochepa amawathandiza, chifukwa chithunzi chikamveka ubongo umapeza chogwirapo kuti uphatikize zithunzi ziwirizo.

Kusiyanitsa kwake sikufuna makina. Ndinamuveka +1.00 n'kubwereza kusendeza kachilembo kaja. Malo ogawikira anachoka pa 14 kufika pa 10. Ndi +1.75 yense anabwerera pa 13 ndipo diso linkathawa msanga. Choncho ndinalemba +1.00, wovala powerenga, polemba ndi ku madrasa. Mnzanga wina akanasankha kuyamba ndi masewera okha n'kuona magalasi pambuyo, ndipo sindingamutsutse kwambiri. Ine ndinaona kuti banja limene lauzidwa kale kuti mwana ndi waulesi likufunika kuona kusintha msanga, apo ayi sabweranso.

Mayi sanawalandire msanga. "Adokotala, magalasiwa sadzamulowetsa maso m'kati? Kwathu amati mwana akayamba magalasi sasiyanso." Ndinati, "Mayi, ndowa yamadzi mwanayu akhoza kuinyamula n'kuitula pomwepo, anthu n'kuti ali ndi mphamvu. Koma kuisenza kuchokera kunyanja mpaka kunyumba, khosi limagonja panjira. Maso akenso ndi choncho pabuku. Magalasiwa akupungula madziwo, masewera amene tim'phunzitse akulimbitsa khosi." Ndinawauzanso kuti magalasi sasintha kapangidwe ka diso, ndipo amene amaoneka ngati maso alowa akavula ndi chifukwa anthu anazolowera kuwaona atavala. Anavomera kuyesa.

Za ziwengo tinamupatsa sodium cromoglicate 2% kanayi patsiku, ndi malangizo oika kansalu koviika m'madzi ozizira oyera m'malo motikita.

Zimene kafukufuku amanena pa masewera a maso

Masewera a maso amatamandidwa mopitirira m'malo ena, makamaka pa intaneti, kumene amagulitsidwa ngati mankhwala a mwana aliyense wolephera sukulu. Umboni wolimba ulipo pa vuto ngati la mtsikanayu. Kafukufuku wa CITT wa ku America, wofalitsidwa mu 2008, anatenga ana 221 a zaka 9 mpaka 17 n'kuwagawa m'magulu anayi kwa masabata 12. Mwa ochita masewera kuchipatala sabata iliyonse ndi kubwereza kunyumba, 73 pa 100 alionse anachira kapena kupeza bwino. Ongosendeza pensulo kunyumba anali 43, a pakompyuta kunyumba 33, ndipo opatsidwa masewera onamizira 35. Apa pali phunziro lowawa kwa ife: pensulo yokha, imene ndiyo yosavuta kulangiza kuno, sinasiyane kwenikweni ndi masewera onamizira.

Gulu lomwelo linafunsanso funso limene makolo amafunsa: kodi mwana aziwerenga bwino? Kafukufuku wa CITT-ART, wofalitsidwa mu 2019, anatsata ana 310 a zaka 9 mpaka 14 kwa masabata 16. Maso a olandira masewera enieni anayamba kugwirizana bwino, koma pa mayeso a kumvetsa zowerenga sanapose anzawo a masewera onamizira. Ndipo mu 2009 mabungwe a madokotala a ana ndi a maso a ku America ananena limodzi kuti dyslexia, vuto lolephera kuphunzira kuwerenga bwino, gwero lake ndi momwe ubongo umagwirira chinenero, ndipo masewera a maso sayichiza. Zimenezi ndinawauza mayi tsiku loyamba m'mawu osavuta: mutu ndi kuona pawiri tikuyembekeza kuti zitha, koma malikisi sitikulonjeza.

Thandizo limene tinatha kupereka

Kubwera sabata iliyonse kunali kosatheka. Kuchokera kwawo ndi kabaza kenako minibasi, anthu awiri, kupita ndi kubwerera. Tinagwirizana kuti azibwera pakatha masabata awiri, tsiku limene mayi amabwera kale ku Boma ndi nsomba, ndipo kunyumba azichita mphindi 15 masiku asanu pasabata, kukadali kowala. Tochi ya foni ndinaikana pa ntchitoyi.

Chida chachikulu chinali chingwe cha Brock. Bambo ake ndi msodzi, ndiye chingwe choyera chosokera ukonde sichinasowe. Tinadula mamita 2 n'kulowetsamo mikanda itatu ya mitundu yosiyana. Nsonga imodzi imamangidwa pamsomali kapena pachitseko, ina mwana amaigwira pamphuno. Akayang'ana mkanda umodzi ndi maso onse awiri, ayenera kuona mkandawo umodzi koma zingwe ziwiri zikudutsana pamkandapo ngati chilembo X. Ubwino wa chidachi ndi woti chimamuuza mwana yekha zimene maso ake akuchita. Chingwe chimodzi chikasowa, ndiye kuti ubongo wazimitsa diso limodzi. Zingwe zikakumana kuseri kwa mkanda, maso sanalowe mokwanira.

Tsiku loyamba ankaona chingwe chimodzi chokha. Ubongo wake unali utazolowera kuzimitsa diso lamanzere kuti uthawe kuona pawiri. Tinagwedeza chingwecho, tinamuuza kuti aphethire, tinatseka ndi kutsegula diso lamanja, mpaka anafuula kuti, "Zilipo ziwiri!" Mayi anadzidzimuka, poti kuona ziwiri ndi kumene anabwerera. Zinatenga nthawi kuwafotokozera kuti zingwe ziwiri n'zofunika, choipa ndi mkanda kukhala iwiri. Ndinawapatsa chingwecho kuti ayese okha, ndipo ataona X anaseka. Kholo limene silinayese lokha silingayang'anire mwana.

Cha kagalasi tinagwiritsa ntchito kalendala yakale. Tsamba la manambala akuluakulu linakhomedwa pakhoma mamita 3, kapepala ka manambala ang'onoang'ono kali m'manja. Amawerenga nambala imodzi patali, ina pafupi, osapitirira mpaka imveke bwino, poyamba diso limodzi lotsekedwa, kenako onse. Kusendeza pensulo tinakuikamo ngati kowonjezera chabe, titamata kachilembo pansonga kuti akhale ndi chinthu choti chimveke. Kuchipatala ndiko tinkachita zolemera: ma prism okwerakwera, magalasi otembenuza a +2.00 ndi -2.00 amene poyamba tinayambira pa ochepa mphamvu, ndipo pambuyo pake makadi a zithunzi ziwiri zoti aziphatikize kukhala chimodzi. Akamaliza masewera aliwonse ankayang'ana patali kwa kanthawi kuti maso amasuke.

Mayi amachoka m'mamawa n'kubwera mochedwa, choncho woyang'anira anakhala mchemwali wake wa Fomu 2. Ntchito yake inali kuyang'ana maso a mng'ono wake, osati chingwe, n'kunena diso likathawa, ndi kuchonga tsiku kumapeto kwa kope.

Mmene zinayendera

Pakutha pa masabata 4 mutu unali utachepa kwambiri, kuyabwa kutatha, ndipo malo ogawikira anali pa masentimita 9. Sindinganene kuti zonsezi anachita ndi masewera. M'masabata omwewo anayamba magalasi, ziwengo zinazizira, likodzo linachizidwa ndipo magazi ankakwera. Pa wodwala mmodzi zinthu zimenezi sizilekanitsika, ndipo sindikanamumana chimodzi kuti ndidziwe chimene chagwira ntchito. Chimene ndinganene n'chakuti kukwera kwa mphamvu yolimbana ndi prism kunkatsata masabata amene kope linali lochongedwa bwino.

Mu Novembala nyanja itatsekedwa kwa makoka, ndalama zinasowa pakhomo ndipo anadumpha maulendo awiri. Mvula itayamba, ntchito ya kumunda inadya nthawi ya masana, mchemwali naye ali pa mayeso. Atabwera mu Disembala malo ogawikira anali atabwerera pa 12 ndipo anali atayambanso kutseka diso ku madrasa. Tinasintha nthawi ya masewera kukhala m'mawa asanapite kusukulu, n'kuwadula pawiri kuti akhale aafupi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo anavomera kumayang'ana kopelo akamadutsa. Ndondomeko ya masabata 12 inatenga pafupifupi 18.

Kumapeto kwa Febuluwale malo ogawikira anali pa masentimita 6, obwezeretsa pa 8, ndipo sankasuntha ngakhale tibwereze. Mphamvu yolimbana ndi prism inafika 24. Kagalasi kanafika pa ma dioptre 12. Kuthawa kwa diso pafupi kunali 10, kosasintha kwenikweni, ndipo n'zimene timayembekezera: masewera sachotsa kuthawako, amawonjezera mphamvu yokugwira. CISS inatsika kufika 11. Magazi anali 12.1.

Nanga kuwerenga?

Ndinalembera kalata aphunzitsi ake kudzera kwa ahedi. Ndinanena kuti kumukhazika kutsogolo sikofunika chifukwa bolodi amaliona, kuti avale magalasi polemba ndi powerenga, ndi kuti akamapumitsa maso poyang'ana panja asamuyese wosamvera. Ndinapemphanso kuti aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofuna thandizo lapadera amene amayendera masukulu a m'zoni yawo, mmodzi wa amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu.

Mphunzitsiyo anachita chinthu chimene ine sindikanachiganiza. Anamupatsa ndime ya Chichewa: anawerenga mochedwa koma molondola, maphatikizo onse ali m'malo, ndipo mafunso anayankha. Anamupatsa ndime ya Chingerezi ya m'buku la Sitandade 5: anatchula mawu ambiri movutika, mafunso osayankha. Kenako anatseka bukulo n'kumuwerengera yekha ndime yomweyo mokweza, mwana akungomvetsera. Sanayankhebe. Apa maso sanagwire ntchito iliyonse, ndiye kulephera kumeneku sikungakhale kwa maso. Kuwerenga Chichewa molondola kunachepetsanso nkhawa ya dyslexia.

Chimene chinatsala ndi chinenero ndi zaka zotayika. Mwanayu kunyumba amalankhula Chiyao ndi Chichewa, Sitandade 1 mpaka 4 anaphunzira m'Chichewa, masana amawerenga Chiarabu, ndipo mu Sitandade 5 maphunziro pafupifupi onse asinthira ku Chingerezi. Anzake ambiri a maso abwinobwino akugwa pamalo omwewa. Iye anawonjezerapo zaka ziwiri kapena zitatu zothawa buku chifukwa linkamupweteka, ndipo mawu amene anzake anatola m'zaka zimenezo iye alibe. Chingwe cha mikanda sichingamubwezere mawuwo. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano amakhala pabuku theka la ola osadandaula, ndiye mphunzitsi ali ndi mwana woti n'kumuphunzitsa. Anamuika m'kagulu ka ana ochepa amene amatsalira akaweruka kubwereza mabuku a Chingerezi a Sitandade 3 ndi 4.

Pa mayeso a teremu yachiwiri Chichewa ndi masamu anakwera, ndipo mphunzitsi anati kwa nthawi yoyamba anamaliza pepala lonse. Chingerezi ndi sayansi analephera. Amalume anafunsa ngati magalasiwo ali ochepa mphamvu, mwina tiwonjezere. Ndinawayankha kudzera mwa mayi kuti maso afika pamene tinkafuna, ndipo mphamvu yowonjezera ingangobweretsa vuto lina. Anavomera kuti amalize chaka.

Kwa anzanga opita kukayeza m'masukulu, pempho langa ndi laling'ono. Tchati cha E chikhalepo, chimagwira ana osaona patali ndi a diso limodzi lofooka. Koma kuyambira Sitandade 3 kapena 4 tiwonjezere mafunso awiri, ngati mutu umapweteka powerenga ndi ngati zilembo zimakhala ziwiri, ndipo woyankha kuti inde timusendezere pensulo kumphuno kangapo tili ndi rula. Sizitenga mphindi imodzi. Oyeza maso amene akutuluka ku Yunivesite ya Mzuzu ndi ku Malawi College of Health Sciences amaphunzira zimenezi, chimatisiyitsa ndi mzere wautali wa ana. Ndinganenenso kuti aalimu a m'madrasa tiziwaitana pamene tikuphunzitsa aphunzitsi kuzindikira mavuto a maso, poti m'boma lino ndiwo amaona ana ambiri ali ndi buku pankhope.

Pomuona mu Epulo miyeso inali yosasintha. Masewera tawatsitsa kufika kawiri pasabata, chingwe chokha, ndipo akapitiriza bwino tidzawasiya. Magalasi apitiriza kuvala powerenga. Mwendo umodzi unathyoka, bambo ake anaumanga ndi ulusi ndipo anapendekeka, choncho tinasintha felemu. M'buku lake la kuchipatala talemba kuti abwere msanga ngati kuona pawiri kwabwerera, makamaka patali, ngati mutu ukumudzutsa usiku kapena ukubwera ndi kusanza, kapena diso likafiira ndi kuopa kuwala, komanso kuti asadonthezedwe mankhwala ogula. Tidzamuonanso mu Seputembala sukulu zikamatsegulira, nthawi imene ziwengo zimabwerera. Tidzayezanso ndi cyclopentolate kuona ngati +1.00 akufunikabe, ndipo mkodzo udzayezedwanso, chifukwa kunyanja amapitabe tsiku lililonse.